Mapepala amene bambo asiya: titenthe, tisunge, kapena tikapereke kuti?

Funso: Bambo anga adamwalira chaka chatha. Adali m'gulu la ophunzira oyambirira a Yunivesite ya Malawi pamene inkali ku Chichiri, kenaka adaphunzitsa m'sekondale zingapo, ndipo pomaliza adagwira ntchito mu ofesi ina ku Chancellor College mpaka kupuma. M'nyumba yawo ku Zomba asiyamo masutikesi awiri ndi makatoni asanu odzaza ndi makalata, madayale, zithunzi, makope a notsi, maminitsi a misonkhano ya kumpingo ndi ya m'dera, komanso makaseti. Amayi ndakhala nawo kuno chifukwa akula, ndipo nyumbayo tikufuna tiikemo alendi. Achimwene anga akuti titengepo masatifiketi ndi zithunzi za banja, zotsalazo titenthe, poti bambo sadali munthu wotchuka. Mtima wanga ukukana. Kodi mapepala otere ali ndi ntchito kwa wina aliyense? Ngati ali nayo, tiwasamale bwanji, ndipo tikawasiye kuti? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Pepani Mayi ndi imfa ya bambo. Ndiyambe ndi chimene chili chachangu: musatenthe kanthu, musagawane kanthu, ndipo musayambe kusankha kuti ichi n'chofunika, ichi ayi. Apempheni achimwene akupatseni miyezi itatu. Katundu mwatchulayu akwana pakona ya chipinda chimodzi kwanu ku Area 25, ndipo alendi akhoza kulowa m'nyumba ija mwezi womwe uno. Nyumba siikudikira mapepala, koma mapepala akapsa apsa basi, madzi akatayika saoleka.

Mawu akuti munthu sadali wotchuka ndawamva kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikusamala zolembedwa zakale, ndipo ndikukhulupirira kuti atiwonongera mbiri yochuluka kuposa imene chiswe chadya. Anthu otchuka mbiri yawo siisowa, ili m'manyuzipepala ndi m'mafayilo a boma. Chimene chimasowa ndi mawu a munthu amene adaliko, adaona ndi maso, n'kulemba usiku womwewo m'dayale yake osaganiza kuti wina adzawerenga. Taonani yunivesite imene bambo adaphunzirako. Zolembedwa za boma zikuuzani kuti idakhazikitsidwa mu Okutobala 1964, kuti maphunziro adayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90, m'nyumba zimene kale zidali sekondale ya ana a amwenye, ndiponso kuti Vice Chancellor woyamba adali Dr Ian Michael. Zikuuzani kuti pofika 1967 sukulu za ukachenjede za Soche Hill, Mpemba, Polytechnic ndi Bunda zidali zitalowa mu yunivesite, ndipo mu 1973 a ku Chichiri, Soche Hill ndi Mpemba adasamukira ku Zomba n'kukhala Chancellor College imodzi pa Chirunga. Zonsezi n'zoona, koma ndi mafupa opanda mnofu. Mnyamata wochokera kumudzi ankalandira alawansi ya ndalama zingati, ndipo ankatumizako zingati kwa amayi ake? Ndalama itasintha mu 1971 kuchoka ku mapaundi ndi mashilingi kupita ku kwacha ndi tambala, mphunzitsi wa sekondale ankagula chiyani ndi malipiro ake? Ophunzira aakazi ochepa aja ankakhala motani pakati pa gulu la anyamata? Ogwira ntchito m'maofesi, amtengatenga, ophika ndi alonda amene adasamuka ndi koleji mu 1973 adapeza kuti nyumba ku Zomba? Maminitsi a Senate, bungwe loyendetsa za maphunziro pa yunivesite, amalemba chimene chagwirizanidwa. Salemba mkangano umene udachitika m'khonde msonkhano usanayambe. Zimenezi zimapezeka m'makalata opita kwa mnzawo, m'mphepete mwa kope la notsi, m'risiti imene idaiwalika pakati pa masamba a dayale.

Palinso china. Yunivesite imene bambo ankaidziwa siilinso chimodzimodzi. Bunda idachokamo mu 2012 n'kukhala LUANAR, ndipo mu Meyi 2021 Polytechnic idakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidakhala KUHeS, dzina la University of Malawi n'kutsalira ku Zomba. Kulikonse padziko, bungwe likamasamuka kapena kugawikana, mafayilo ena amasokonekera panjira. Kawirikawiri kalata imene idasowa mu ofesi imadzapezeka m'sutikesi ya kalaliki amene adasunga kope yake ya kaboni.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukupempherani kuti musatenthe ndi nthawi imene bambo adakhalamo. Aliyense amene adakula mu ulamuliro wa chipani chimodzi akudziwa kuti pepala linkatha kumangitsa munthu. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, kukhala ndi kalata kapena chithunzi cha Masauko Chipembere, Kanyama Chiume kapena Orton Chirwa kudali kudziitanira apolisi a Special Branch, ndipo mabanja ambiri adatentha okha zimene adali nazo kuti apulumuke. Lamulo la Censorship la 1968 lidaletsa mabuku ndi magazini ambirimbiri. Pa koleji pomwepo anthu ankasamala polankhula chifukwa sankadziwa amene akukaneneza. Jack Mapanje, amene adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, adamangidwa mu Sepitembala 1987 n'kukakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Munthu wosazengedwa mlandu alibe fayilo ya kukhoti yoti wofufuza akawerenge. Chimene chingatiuze momwe anzake a pantchito adamvera m'mawa mwake, amene adapita kukaona banja lake ndi amene adachita mantha, ndi mizere iwiri itatu m'dayale ngati ya bambo anu. N'chimodzimodzi ndi masiku otsatira kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, pamene ophunzira a ku Chancellor adachita zionetsero koleji n'kutsekedwa, komanso timakalata topanda dzina timene tinkazungulira pa fotokope ndi pa fakisi mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Munthu amene adasunga zinthu zotere m'nyumba nthawi imeneyo adalimba mtima. N'zopweteka kuti zimene zidapulumuka Special Branch zidzathere pamoto wa ana ake.

Moto wationongera kale zokwanira. Mu Febuluwale 1919 nyumba ya Secretariat, likulu la maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, idapsa, ndipo zolembedwa zambiri za boma kuyambira 1891 zidapsera momwemo. N'chifukwa chake olemba mbiri ya zaka zimenezo amadalira makope amene adatumizidwa ku London ndi makalata a amishoni amene ali ku Edinburgh, ndipo zotsatira zake n'zakuti nthawi imeneyo timaimva kwambiri m'mawu a azungu. Nkhani ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915 ikadakhala yopendekera mbali imodzi kuposa mmene iliri pakadapanda kalaliki wina, George Simeon Mwase, amene cha m'ma 1931 ndi 1932 adataipa zimene adamva kwa Wallace Kampingo, wotsatira wa Chilembwe amene adakumana naye m'ndende ya Zomba. Mapepala akewo adagona pafupifupi zaka 30 mpaka katswiri wa mbiri Robert Rotberg adawapeza ku Zomba n'kuwasindikiza mu 1967. Akatswiri amatsutsana mpaka lero ngati zonse zimene Mwase adalemba zidachitikadi momwemo, koma amatsutsana chifukwa mapepalawo alipo. Ndipo si zakale zokha: mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa usiku umodzi, mabuku pafupifupi 45,000 n'kutheratu. Buku losindikizidwa mukhoza kuligulanso kwina, koma dayale ya bambo ndi imodzi yokha padziko lonse.

Tsopano ntchito yake. Cholakwa chachikulu chimene mabanja okonda makolo awo amachita si kutentha ayi, koma kukonza. Chaka china ndidaitanidwa kunyumba ya mphunzitsi wina wopuma amene adali atangomwalira, ndipo ndidafika patapita milungu iwiri. Ana ake, pofuna kundipeputsira ntchito, adali atachotsa makalata onse m'maenvulopu n'kutaya maenvulopuwo, ataika zithunzi zonse m'jumbo imodzi, ndi kusanja mapepala potengera kukula kwake. Makalata ambiri adali ndi tsiku ndi mwezi koma opanda chaka, ndipo chaka chidali pachidindo cha positi pa envulopu. Zithunzi zimene zidabwera m'kati mwa makalata ofotokoza anthu ake zidasanduka nkhope zopanda maina. Zinthu zonse zidalipo, koma ulusi umene unkazilumikiza udaduka, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Choncho siyani chilichonse mmene bambo adachisiyira. Ngati adamanga makalata khumi ndi kachingwe, adali ndi chifukwa, ngakhale inu simukuchiona lero. Lembani nambala pa katoni iliyonse ndi sutikesi iliyonse, lembani m'kope malo amene mwaipeza m'nyumbamo, ndipo mukatsegula jambulani ndi foni musanagwire kanthu. Kenaka lembani mndandanda wachidule, osati wa pepala lililonse koma wa mtolo uliwonse: katoni 3, mtolo 2, makalata ochokera kwa mnzawo wa ku Kitwe, 1968 mpaka 1976, alipo pafupifupi 40. Mndandanda wotere ndi umene udzapangitse aku laibulale kukumverani msanga mukadzapita.

Pali zochepa zimene muyenera kupatula, ndipo izi achimwene akunena zoona kuti ndi za banja: zikalata za malo ndi za nyumba, wilo ngati ilipo, za penshoni, za kubanki ndi za inshuwalansi. Zimenezi ndi zogwirira ntchito lero pa nkhani ya chuma cha masiye. Pamalo pamene mwachotsa chikalata ikanipo kapepala konena chimene chidali pamenepo ndi amene wachitenga. Masatifiketi ndi zithunzi za banja ndingakonde zikhale limodzi ndi zinazo, aliyense wa inu alandire makope abwino. Mukagawana zenizenizo, pakatha zaka khumi zina zidzakhala ku Johannesburg, zina ku Leeds, zina zitatayika posamuka lendi.

Chinthu chofunika kuposa makatoni onse asanuwo chili m'nyumba mwanu momwemo, ndicho amayi. Pepala likhoza kudikira chaka china, koma amene angazindikire nkhope za pazithunzi sadzakhalapo mpaka kale. Amene adali ndi zaka 20 mu 1965 lero adutsa zaka 80. Khalani nawo pansi masana akakhala ndi mphamvu, tengani zithunzi zisanu kapena khumi zokha pa tsiku, tsegulani chojambulira mawu pafoni mutawapempha chilolezo, ndipo muwafunse mofatsa: uyu ndani, apa mpati, chidali chaka chiti, adatijambula ndani. Musawadule akapatukira ku nkhani ina, chifukwa nthawi zambiri kumene apatukirako ndi kumene kuli zenizeni. Muchite chimodzimodzi ndi azakhali, amalume, ndi anzawo a bambo a ku Chichiri amene adabwera pamaliro. Maina muwalembe ndi pensulo yofewa ya 2B m'mphepete kuseri kwa chithunzi, osasindikiza kwambiri, kapena papepala lapadera lokhala ndi nambala ya chithunzicho. Bolopeni ndi maka musagwiritse ntchito, inki imalowerera mpaka kumaso. Mulembenso amene wakuuzani, chifukwa amayi ndi azakhali akhoza kusiyana pa dzina limodzi, ndipo onse awiri ayenera kulembedwa.

Adani a pepala kwathu kuno ndi chinyontho, kutentha, kuwala kwa dzuwa, chiswe, mphemvu, njenjete ndi makoswe. Zomba ndi malo a chinyontho chambiri, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo chinyontho cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo chuku chimayamba kumera papepala. Musaike makatoni pasimenti kapena kuwatsamiritsa kukhoma lakunja. Akhale pashelefu kapena pathabwa lokwera masentimita 15 kapena kuposerapo, m'chipinda chodutsa mpweya. Kudenga pansi pa malata ndi koipa kwambiri chifukwa masana kumatentha ngati uvuni, usiku n'kuzizira, ndipo pepala limauma n'kumathetheka. Musatsekere mapepala m'majumbo a pulasitiki kwa nthawi yaitali, thukuta limatsekeredwa momwemo. Ngati masutikesi ndi achitsulo ndipo ayamba dzimbiri, samutsirani mitoloyo m'makatoni oyera ouma, mwadongosolo lomwe lija. Mapini ndi timawaya ta sitepula tadzimbiri tichotseni mosamala ndipo mtolowo muukulunge ndi pepala loyera la fotokope lopindidwa pakati. Malabala omangira amasungunuka n'kumamatira, m'malo mwake gwiritsani ntchito kansalu kathonje. Zodula m'nyuzipepala zili ndi asidi wambiri ndipo zimadetsa chilichonse chogundana nazo, choncho ikani pepala loyera pakati.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimawononga kotheratu. Selotepu pa pepala long'ambika imasanduka yachikasu, guluu wake n'kulowa m'pepala osachokanso. Kumata satifiketi kapena kalata m'pulasitiki pamakina otentha, monga amachitira m'mashopu a fotokope, n'kosabwezeka, ndipo pepalalo limapitiriza kuwonongeka m'katimo. Kupopera Doom kapena mankhwala ena pamapepala kumasiya madontho ndipo kumadwalitsa amene adzawagwire. Mukapeza chiswe, chotsani makatoni pamalopo ndipo mankhwala muthire pansi ndi m'khoma, osati pamapepala. Mukapeza chuku, tulutsani mapepalawo pamthunzi podutsa mphepo, valani chotseka pakamwa ndi mphuno, dikirani aume, kenaka sesani ndi kabulashi kofewa. Padzuwa musayanike ngakhale anyowe, chifukwa inki imafufuma ndipo pepala limapindika. Masamba omatana musawakanganule mokakamiza, asiyireni odziwa.

Yang'anani msanga ngati m'makatonimo muli mapepala a fakisi, aja osalala opyapyala obwera ngati mpukutu. Zilembo zake sizidalembedwe ndi inki koma ndi kutentha, ndipo zimafufutika zokha ndi nthawi. Timakalata tambiri ta 1992 ndi 1993 tidafika m'dziko muno pa mapepala otere. Amenewa ndiwo oyamba kujambula, ngakhale mawa lomwe. Otsatira ndi makope a kaboni ndi mapepala a sitensulo, monga aja a gulu la olemba la Writers Group limene lidayamba ku koleji mu 1970, omwe ankasindikizidwa pa mapepala otchipa ndipo makope ake otsala ndi ochepa.

Za kujambula pa kompyuta ndinene mosabisa: n'kofunika, koma sikulowa m'malo mwa pepala lenileni. Ndaona mapepala a zaka 100 owerengeka bwinobwino, ndipo ndaona mafulashi ofa asanathe zaka zisanu. Ngati mungapeze sikana, zolembedwa muzijambule pa 300 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha pa sikana), zithunzi pa 600 dpi, ndipo muzisunge ngati mafayilo a mtundu wa TIFF kapena JPEG osachepetsedwa. Ngati mulibe, foni yabwino ikwanira: pafupi ndi windo, opanda fulashi ya kamera, pepala litagona pansalu yakuda, foni ili molunjika pamwamba. Jambulani envulopu, kumaso ndi kuseri kwa tsamba lililonse. Dzina la fayilo ligwirizane ndi mndandanda wanu uja, kuti munthu adziwe katoni ndi mtolo umene chachokera. Musadalire WhatsApp ngati nkhokwe, chifukwa imachepetsa zithunzi, ndipo foni ikabedwa zapita. Sungani makope atatu: pa kompyuta, pa hard drive yapadera imene ikukhala kunyumba ina, ndi pa intaneti. Pano ndi pamene achimwene kapena adzukulu odziwa makompyuta angathandize, ndipo ndaonapo kangapo kuti amene ankati titenthe ndi amene amayamba kulira akawerenga kalata imene bambo adalemba tsiku limene iye adabadwa.

Mudzapezamo zina zosautsa mtima, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Makalata achikondi, ngongole, matenda, mkangano wa pachibale, mwina mwana amene banja silinkamudziwa, mwina dzina la munthu amene bambo ankamukayikira kuti ndi kazitape wa chipani. Apa ndi pamene dzanja limathamangira ku machesi. Pali njira ina. Nyumba zosungira zolembedwa zakale zimalola kuti gawo lina litsekedwe kwa zaka zimene mwagwirizana, kaya 20, kaya 30, kaya mpaka otchulidwamo onse atamwalira. Chotsekedwa chidzatsegulidwa nthawi yake, mabala atapola. Kumbukiraninso kuti zimene bambo adalemba za munthu wina ndi maganizo awo a tsiku limenelo, osati chigamulo cha khoti, ndipo ana a munthuyo ali moyo. Zotere musaziike pa Facebook. Makalata amene bambo adalandira, pepalalo ndi lanu, koma umwini wa mawu ake ndi wa amene adalemba kapena olowa m'malo mwake, choncho kusindikiza kumafuna chilolezo chawo. Maminitsi a kumpingo nawo afunseni akuluampingo, chifukwa ngati bambo adali mlembi n'kutheka kuti buku lenilenilo ndi la mpingo ndipo akhala akulifunafuna. Ngati ndi choncho, jambulani kaye, kenaka mubweze.

Maminitsi a m'dera aja musawapeputse. Mbiri ya malo ngati Chinamwali, Matawale, Chikanda kapena Sadzi siidalembedwe mokwanira. Komiti ya sukulu, ya chitukuko, ya maliro, ya mjigo, ndi imene imasonyeza amene adabwera liti, malo adagawa ndani, mlatho udakokoloka chaka chiti. Anthu a ku Zomba amakambabe za Napolo wa mu Disembala 1946, koma zambiri zimene zidalembedwa nthawi imeneyo ndi malipoti a boma la atsamunda okamba za misewu ndi milatho. Pakadapezeka kope la mphunzitsi wa m'mudzi la mwezi umenewo, bwenzi tikudziwa zambiri za anthu amene adali m'munsi mwa phiri.

Kokasiya kulipo. National Archives of Malawi ili ku Zomba konko, idayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo kupatula mafayilo a boma imasunganso zolembedwa za mishoni, za mabungwe ndi za anthu wamba. Laibulale ya University of Malawi ili ndi gawo lapadera la zinthu zokhudza Malawi, limene ophunzira a mbiri amagwiritsa ntchito polemba kafukufuku wawo. Ku Blantyre, pa Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene lidayamba mu 1946 ndipo lili ndi zithunzi zakale zambiri. Masinodi ndi madayosizi ena ali ndi mosungira mwawo. Maganizo anga ndi akuti popeza moyo wa bambo udazungulira pa yunivesite ndi pa Zomba, muyambire ku laibulale ya yunivesite ndi ku National Archives, ndipo musankhe malo amodzi. Musagawe kuti za koleji uku, za mpingo uko, zithunzi kwina. Phindu la mapepalawa lili pakuti ndi munthu mmodzi amene adali wophunzira, mphunzitsi, wa mu ofesi, mkulu wa mpingo ndi bambo wa ana nthawi imodzi. Enawo apatseni makope a pa kompyuta.

Musakangotula makatoni pakhomo n'kubwerera. Pitani ndi mndandanda wanu, pemphani kuonana ndi amene amayang'anira zolembedwa zakale, ndipo muone ndi maso chipinda chimene adzasungemo. Denga likudontha? Mashelefu ndi achitsulo? Pali zozimitsira moto? Adzalemba liti mndandanda woti ofufuza aziuona? Wantchito wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso otere, amasangalala. Nyumba zathu zosungira zinthu zakale zimagwira ntchito ndi ndalama zochepa ndi anthu ochepa, choncho ngati mwaona kuti lero sangathe kusamala bwino kuposa inu, sungani kaye kwanu mwa njira ndafotokozayi, muwapatse makope, ndipo mulembe m'banja kuti zenizenizo zidzapita kuti mtsogolo.

Mukagwirizana, pakhale chikalata chosainirana. Chinene ngati mukupereka kotheratu kapena mukungosungitsa umwini n'kukhalabe wa banja, chitchule zimene zatsekedwa ndi zaka zake, chinene amene ali ndi umwini wa zolemba za bambo ngati wina afuna kusindikiza, chilole a m'banja kuona ndi kujambula nthawi iliyonse, ndipo chinene kuti zimene iwo sakuzifuna azibweze kwa inu osati kuzitaya. Chinenenso kuti mapepalawo adzadziwika ndi dzina la bambo. Popeza ndi gawo la chuma cha masiye, amayi ndiwo oyamba kuvomereza, kenaka ana nonse, ndipo mwinimbumba kapena akuluakulu a kwawo kwa bambo adziwitsidwe monga mwa mwambo wanu, kuti pasadzakhale wonena kuti mlongo wathu adagulitsa katundu wa malemu. Nkhani ya kugulitsayi ibwera, makamaka wofufuza wakunja akamva. Ambiri a iwo ndi anthu abwino ndipo atithandiza kulemba mbiri yathu, koma apatseni mwayi wowerenga ndi kujambula, zenizenizo zitsale kuno. Mapepala ambiri a Kamuzu Banda amene adasonkhanitsa Donald Brody ali ku Indiana University ku America. Akusungidwa bwino, koma wophunzira wa ku Chirunga sangakwere minibasi kukawagwira ndi manja. Ndiponso musabwereketse ngakhale kope limodzi kwa munthu amene akuti abweza sabata yamawa, kaya ndi pulofesa.

Makaseti ndawasungira kumapeto chifukwa ndi amene ali pangozi kwambiri. Tepi yake imafooka ndi zaka, imamatana ikakhala pachinyontho, ndipo makina owaseweretsa akusowa chaka ndi chaka. Musawaike mu wailesi yakale imene yakhala osagwira ntchito, ikhoza kumeza tepi kamodzi kokha n'kuidula. Aimikeni chilili m'tizikhokho tawo, kutali ndi masipika ndi chilichonse chokhala ndi maginito, ndipo lembani m'kope zonse zolembedwa pachikuto. Funsani ku National Archives kapena ku situdiyo yodalirika imene ili ndi makina osamalidwa bwino kuti awasamutsire pa kompyuta ngati mafayilo a WAV, inu muli pomwepo, osasiya kaseti kuti mudzatenge mawa. Nyimbo zogula m'sitolo zikhoza kudikira. Yambani ndi amene bambo adajambula okha, makamaka olembedwa dzina la agogo, la mudzi kapena la mwambo wina, ndipo pomvetsera koyamba amayi akhale pafupi kuti azitchula mwini wa liwu lililonse limene likumveka.